Kukonza nthano yogonekera mwana wanu mothandizidwa ndi AI

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi akamva dzina lake likutchulidwa m'nthano amasiya zonse n'kutchera khutu. Mukaikamonso mbuzi ya pakhomo ija, mtengo wa mango wa kuseri kwa bafa ndi agogo ake omwe, ndiye kuti mwamugwira. Chovuta n'choti ambirife pofika madzulo mutu umakhala utatopa kale ndi ntchito, msika, munda kapena maminibasi, ndipo nthano za Kalulu zimene tinkamva tili ana tikukumbukako zochepa, zomwenso mwana anazimva mpaka amatikonza tikalumpha pena. Apa ndi pamene mapulogalamu a AI, aja a pafoni kapena pakompyuta amene mumawalembera n'kukuyankhani ngati munthu, angathandize. Mumauza pulogalamu za mwana wanu, iyo n'kukulemberani nthano yatsopano mphindi imodzi isanathe.

Ndinene poyambirira zimene ndimakhulupirira pa nkhaniyi. AI ntchito yake ndi yotola nkhuni basi, wophika ndinu. Zimene yalemba zisafike kwa mwana musanazikonze, ndipo nthawi yogona foni isalowe m'neti.

Yambani ndi pulogalamu imene muli nayo pafupi

Simufunika kugula chilichonse. ChatGPT ya kampani ya OpenAI, imene inatuluka mu Novembala 2022, ili ndi mbali yaulere. Chimodzimodzi Gemini ya Google ndi Claude ya Anthropic. Ngati foni yanu ndi yodzaza kale moti simungatsitsenso pulogalamu ina, onani mu WhatsApp: mu Epulo 2024 kampani ya Meta inatsegulira Meta AI maiko angapo kuphatikizapo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo mumacheza nayo ngati mmene mumalemberana ndi munthu. Kulemba mawu okha sikudya bandulo yambiri. Chimene chimadya ndi zithunzi ndi mavidiyo, ndipo pa nthano yogonekera mwana zimenezo sizifunika.

Wogwiritsa ntchito pulogalamuyi ndinu kholo. Malamulo a ChatGPT salola mwana wosakwana zaka 13, choncho musamupatse mwana foni kuti azicheza nayo yekha ngakhale atalirira.

Lembani papepala zimene mukudziwa za mwanayo

Musanatsegule pulogalamu, tengani kapepala. Lembani zaka zake, chakudya chimene amakonda, masewera ake, chiweto kapena chidole chimene sasiyana nacho, anthu amene amagona nawo m'nyumba, ndi chinthu chimodzi chimene chikumuvuta masiku ano. Chomalizachi ndiye mtima wa nthano. Mwina akuopa mdima magetsi akathima. Mwina mawa akupita kusikelo ndipo akukumbukira jakisoni wa ulendo watha. Mwina wayamba kumene sukulu ya mkaka ndipo amalira pageti. Mwina kwabadwa mng'ono wake ndipo iye akuona ngati amulanda amayi. Sankhani chimodzi chokha. Mukaphatikiza zonse, nthano imasanduka msonkhano.

Pali zina zoti musazilembe mu pulogalamu. Zimene mumalembamo zimapita ku makompyuta a kampaniyo, ndipo makampani ena amatha kugwiritsa ntchito zokambiranazo pophunzitsira AI yawo pokhapokha mutakana. Zimene mumalembera Meta AI nazonso si zachinsinsi ngati uthenga wa pakati pa inu ndi mchemwali wanu, chifukwa Meta imazilandira. Ndiye dzina la bambo, tsiku lobadwa, dzina la sukulu, nambala ya nyumba, matenda a mwana ndi chithunzi chake, zonsezo zisiyeni. Dzina loyamba lokha ndi lokwanira. Ngati ngakhale limenelo simukufuna, lembani dzina lina lililonse, mudzasintha pakamwa posimba. Mu ChatGPT, pitani ku Settings, kenaka Data controls, muzimitse pamene amapempha kuti zokambirana zanu zithandize kuphunzitsa pulogalamuyo. N'ntchito ya kamphindi ndipo mumaichita kamodzi.

Lembani pempho lomveka bwino

Mukangolemba kuti "ndilembere nthano ya mwana", mudzalandira nthano ya mwana wa aliyense: mwana wamkazi wa mfumu m'nyumba yachifumu ya miyala, nkhalango ya zimbalangondo, chipale chofewa chikugwa pawindo. AI inaphunzira kwambiri pa zolembedwa za m'Chingerezi, choncho mukapanda kuiuza kumene muli imathamangira komweko. Pempho labwino limatchula malo, anthu, vuto, kutalika kwa nthano, zoletsedwa ndi mathero. Tiyerekeze kuti mwanayo ndi Chisomo. Mungalembe chonchi:

"Ndilembere nthano yogonekera mwana wamkazi wa zaka 4 dzina lake Chisomo. Amakhala m'tauni ku Malawi, m'nyumba ya malata, ndi amayi ake, abambo ake ndi mng'ono wake wakhanda. Amakonda nthochi, kuthamangitsa nkhuku ndi kusewera masanje. Masiku ano akuopa mdima magetsi akathima. Mnzake m'nthanoyi akhale Kamba. Mawu asapitirire 350 ndipo ziganizo zikhale zifupizifupi. M'nthanoyi musakhale mfiti, njoka, imfa kapena ndewu. Pakhale mawu amodzi obwerezedwa katatu oti mwana aziyankha. Chisomo akamalankhula ndi akuluakulu azinena kuti inu. Iye mwini ndiye apeze njira yothetsera mantha ake. Nthano ithe akugona pafupi ndi amayi ake. Usalembe phunziro pamapeto."

Mawu 300 mpaka 400 amakwanira mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu, chifukwa mukawonjezera nyimbo ndi mayankho ake nthanoyo imatalika yokha. Wa zaka ziwiri mupatseni theka lake. Chiganizo chija choti mwana apeze yekha njira musachisiye. Mukapanda kuchilemba, nthawi zambiri pamatulukira mngelo kapena nyenyezi yolankhula n'kukonza zonse, mwana n'kungokhala woonerera m'nthano yake yomwe. Choletsa phunziro pamapeto nachonso n'chofunika, poti AI imakonda kutseka ndi ulaliki, ndipo mwana amene wayamba kusinza safuna kufunsidwa kuti waphunzirapo chiyani.

Nthano yoyamba ikabwera musaitaye yonse chifukwa cha mbali imodzi. Yankhani pomwepo: "chotsa galu wogona pabedi", "m'malo mwa keke ika zitumbuwa", "fupikitsa pakati", "mathero akhale odekha kuposa apa". Pulogalamu imakumbukira zimene mwakambirana m'macheza omwewo, ndiye imakonza zimene mwanenazo osayambiranso.

Chichewa kapena Chingerezi?

Mapulogalamuwa amamva Chichewa ndipo amayankha m'Chichewa, koma Chichewa chawo n'chofooka poyerekeza ndi Chingerezi chifukwa zolembedwa za m'Chichewa pa intaneti n'zochepa. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupempha nthano m'Chichewa n'kuikonza. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwa kholo lodziwa Chingerezi, ndi kupempha mutu ndi ndondomeko ya nthano m'Chingerezi, mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, kenaka inu n'kuisimba m'Chichewa chanu chapakamwa. Njira imeneyi imatulutsa nthano yamoyo chifukwa mawu onse ndi anu. Kutenga nthano ya Chingerezi n'kuiponya mu Google Translate, imene ili ndi Chichewa kuyambira 2014, kumathandiza kumva tanthauzo, koma zotulukazo sizikhala zoti n'kugonekera mwana.

Ngati kunyumba mumalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chinyanja cha ku Lusaka, njira yachiwiriyi ndiye yanu ndithu. Mwana agone ndi chilankhulo chimene amalirira nacho.

Konzani musanasimbe

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo muichite masana kapena nsima ili pamoto, osati mwana ali kale pamphasa akukudikirani. Werengani nthanoyo mokweza. Khutu limagwira zimene maso amalumpha.

Choyamba mudzamva ndi kusagwirizana kwa mawu: "mtengo lalikulu", "chimanga yambiri", "nkhuku anathawa". Nthawi zina mudzakumana ndi mawu oti m'Chichewa mulibe, kapena ochokera ku Chiswahili ndi Chishona. Mwana wa msinkhu uwu akutola chilankhulo tsiku lililonse, ndiye zimene mumuuze usiku ndi zimene akanene mawa pabwalo. Liwu lililonse limene inu simunganene pocheza ndi anzanu, lichotseni.

Chachiwiri ndi ulemu. AI imalemba mwana akuuza agogo ake kuti "iwe, bwera kuno", kapena akutchula abambo ake dzina. Konzani zimenezo: agogo, amama, adadi kapena ababa, atsibweni, azakhali, monga mmene mumatchulirana pakhomo panupo. Mwana m'nthano alandire chinthu ndi manja awiri, athokoze.

Chachitatu n'chimene ambiri sachiyembekezera. M'nthano za ku Ulaya kadzidzi ndi mbalame yanzeru yolangiza ana, choncho AI imakonda kumuika pawindo la mwana usiku ngati bwenzi. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu ambiri mtima umakhala m'mwamba. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kaya ayi, mwana anamvapo kale kwa anzake kapena kwa agogo, ndiye kumubweretsera kadzidzi nthawi yogona ndi kumuwonjezera mantha omwe mumafuna kuchotsa aja. Fisi nayenso samalani naye. M'nthano zathu ndi wadyera ndi wopusa, ndipo ana amamuseka, koma fisi wozungulira nyumba usiku ndi nkhani ina. Nyama zofatsa zilipo zambiri: Kamba, Gologolo, Nadzikambe woyenda monyang'wa uja, Njiwa, ziphaniphani, ngakhale nalimata wa pakhoma amene mwana amamuona tsiku lililonse.

Onaninso nyengo ndi zakudya. Mango asapse mu Juni, ngumbi zisatuluke nthawi yokolola. Ngati ndi nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, muikemo mbaula ndi mbatata yootcha. Ngati ndi Okutobala, kutentha ndi anyenje olira m'mitengo. Ngati ndi mvula zoyamba, fungo la dothi ndi phokoso la madontho pamalata. Mwana wa ku Mulanje amadziwa chiperoni, wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amadziwa bwato ndi usipa woyanika pathandala, wa ku Ndirande amadziwa minibasi ndi chigayo. Mukaika zimene iye waziona lero, nthanoyo amaikhulupirira.

Mukapempha nkhani ya m'Baibulo kapena m'Korani kuti ifupikitsidwe moti mwana amve, yerekezani ndi buku lenilenilo. AI imatha kuwonjezera zimene mulibemo n'kuzinena molimba mtima ngati zoona.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kuti n'cholakwika ngakhale chimaoneka chanzeru. Kholo limatha kuganiza kuti, poti lero waba shuga, ndimukonzera nthano ya mwana wa dzina lake amene anaba shuga n'kulangidwa. Musatero. Mwana amazindikira msanga kuti akumunena, ndipo nthawi ya nthano imasanduka bwalo la milandu. Ngati mukufuna kukhudza khalidwe, cholakwacho chipatseni nyama. Gologolo ndiye abe shuga, mwana wanu akhale womuthandiza kukapepesa. Dzina la mwana liziyenda ndi kulimba mtima ndi chifundo. Chimodzimodzi nkhani ya kukodza pogona: musamutchule dzina pa zimenezo, makamaka ngati abale ake akumvetsera nawo.

Bwezeretsanimo zimene AI siidziwa

Nthano yathu siikhala ya munthu mmodzi. Wosimba amati "Padangokhala", omvera n'kuyankha "Tilitonse", ndipo yankho limenelo limapitirira chiganizo ndi chiganizo. AI imalemba ngati buku loti munthu awerenge chamumtima, ndiye inu dulani nthanoyo m'zidutswa zoti mwana aziyankha. "Tilitonse" ali ndi ubwino winanso pa nthawi yogona: akayamba kuchedwa, kenaka kumveka chapansipansi, kenaka zii, mwadziwa kuti tulo tafika.

Wonjezeranimo mawu opatsa chithunzi aja, amene AI kawirikawiri saatulutsa. Iyo ikalemba kuti "kunali mdima kwambiri ndipo Chisomo anachita mantha", inu mukhoza kusimba chonchi:

Padangokhala. Chisomo adali pakhonde akudya nthochi. Dzuwa lidalowa, nkhuku zonse n'kulowa m'khola. Mwadzidzidzi magetsi adathima, mdima bii! Chisomo mtima gu gu gu. Ndiye adamva m'masamba muja, tswa, tswa, tswa. "Ndani?" "Ndine Kamba, usaope. Ine ndimayenda usiku uliwonse, nyali ndilibe." "Nanga mumaona bwanji njira, a Kamba?" "Khala phee, uwerenge mpaka khumi, maso ako akuuza." Chisomo adawerenga. Atafika pa khumi adayamba kuona mtondo wa amayi, ndowa ya pakhomo, ndi kumwamba nyenyezi zili phethiphethi.

Taonani kuti zimene Kamba wanenazo n'zoona: maso amazolowera mdima pakapita kanthawi, ndipo mwana akhoza kuyesa yekha tsiku lina magetsi akadzathima. Nthano yabwino yothetsa mantha imamusiyira mwana kanthu kochita.

Kenaka nyimbo. AI ikhoza kukulemberani mizere, koma mayimbidwe ake ndi anu. Sipafunika luso. Mizere iwiri yakwana, wina wanu wina wa mwana. Inu: "Kamba yenda, kunja kwada." Mwana: "Ndiyenda pang'onopang'ono." Ibwere katatu m'nthano, ndipo ulendo uliwonse muziimba motsitsa mawu ndi mochedwerako kuposa poyamba. Ngati kwanu mumatseka nthano ndi "Kaphuleni mbatata", mwana n'kuyankha "Yapserera", tsekani choncho, ngakhale nthawi zambiri adzakhala atagona kale.

Nthawi yosimba

Werengani nthano yokonzedwayo kawiri, muloweze mmene ikuyendera, osati liwu ndi liwu. Ngati mukuopa kuiwala, lembani mfundo zisanu pakapepala. Foni isiyeni patebulo kapena kotchaja. Kuwala kwa sikirini kumakopa maso a mwana, amayamba kufuna kuigwira, ndipo uthenga umodzi wa pagulu la WhatsApp ukhoza kukuchotsani pakati pa nthano. Malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo amalimbikitsa kuti nthawi imene mwana wakhala pansi izikhala yowerenga ndi kusimbirana nthano ndi womulera. Malangizo omwewo amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 patsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Choncho yambani msanga, mwana atasamba, atadya, atakodza, neti itatsitsidwa kale.

Mapulogalamu ena amatha kuwerenga okha mokweza. Pa nthano yogonekera mwana musagwiritse ntchito zimenezo. Katchulidwe kake ka Chichewa kamakhota, komanso makina sangaone kuti mwana wagwira chitenje chanu mwamphamvu pamene mwatchula mdima. Inu mukaona zimenezo mumafupikitsa mbali yoopsayo n'kufulumira kumubweretsa Kamba. Mwana akakudulani n'kunena kuti Kambayo anavala nsapato zofiira, vomerani, avale. Akafunsa kuti kenaka chinachitika n'chiyani pamene inu mwaiwala, mufunseni iyeyo kuti akuganiza bwanji. Mayankho akewo asungeni m'mutu, mawa mukawaike m'pempho latsopano.

Ngati ana ndi angapo pamphasa imodzi, aliyense akhale ndi tsiku lake lokhala mwini nthano, enawo alowemo ngati anzake. Mukamatchula mmodzi yekha masiku onse, mudzakolola nsanje.

Sungani zimene zayenda bwino

Gulani kope limodzi la nthano zokhazokha. Nthano imene mwana waikonda ilembeni mmenemo mmene munaisimbira, osati mmene AI inalembera. Foni imatha kutayika, kuwonongeka kapena kutha batire tsiku limene magetsi kulibe, koma kope mumaliwerenga ndi tochi, ndipo aliyense wotsala ndi mwana akhoza kulitsegula. Mwana akayamba Sitandade 1 kope lomwelo lidzakhala loyesera kuwerenga, poti mawu ake akuwadziwa kale.

Simufunika nthano yatsopano usiku uliwonse. Ana aang'ono amakonda kubwereza, ndipo akhoza kupempha ya Kamba yomweyo sabata yonse. Musamukanize. Kudziwa chimene chikubwera kutsogolo ndi kumene kumamukhazika mtima pansi. Nthano imodzi kapena ziwiri zatsopano pasabata zakwana. Mukafuna yopitiriza, bwererani ku macheza akale aja mu pulogalamu, kapena lembani mwachidule zimene zinachitika m'nthano yapita, n'kupempha ulendo wina wa anthu omwewo: lero Chisomo ndi Kamba akupita kuchigayo, mawa akukaona agogo pabasi.

Kwa makolo amene ali kutali, ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain, ana ali kumudzi ndi agogo, njira yonseyi imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti posimba mumajambula mawu anu pa WhatsApp. Siyani mpata pang'ono pambuyo pa chiganizo chilichonse kuti mwana ayankhe "tilitonse", ndipo pemphani womulera kuti foni aziika chafufumimba, mwana azingomva mawu. Funsaninso agogowo zimene mwana wachita sabata imeneyo kuti muziike m'nthano. Amene muli ndi ana kunja komwe Chichewa amangochimva m'nyumba, nthano zotere zizikhala za kumudzi kwanu kwenikweni, ndi mayina a mitsinje, mapiri ndi zakudya zimene adzazipeze akadzapita.

Ndipo ngati agogo alipo amene akudziwa nthano zakale ndi nyimbo zake, ajambuleni akusimba, mutawapempha. Nthano zimenezo AI siizidziwa bwino, ndipo mukaipempha ya Kalulu ndi Njovu imasakaniza ndi za kwina n'kutaya nyimbo. Mukakhala nayo yeniyeni ya agogo, mukhoza kuilemba mu pulogalamu n'kupempha chinthu chimodzi chokha: kuti ifupikitsidwe ndi kufewetsa mathero kuti iyenerere mwana wa zaka zitatu. Pamenepo nyimboyo musailole kuti isinthidwe ngakhale liwu limodzi.